Tchalitchi cha King's College: khoma la miyala iwiri, denga lopanda mzati

A komiti ya zomangamanga m'mipingo ya kuno ku Kasungu amaudziwa mzere uja umaoneka pakhoma pamene ntchito inaimira: m'munsi njerwa za uvuni wina, m'mwamba za uvuni wina, poti ndalama za fodya zinatha khoma lisanafike pa linta. Tchalitchi cha King's College, pa yunivesite ya Cambridge ku England, nachonso chili ndi mzere wotero mpaka lero.

Mfumu Henry VI inakhazikitsa kolejiyi mu 1441, ndipo mwala wa maziko a tchalitchi unayalidwa pa 25 July 1446. Amisiri anayamba ndi mwala woyera wa ku Tadcaster, ku Yorkshire. Mu 1461 mfumuyo inalandidwa ufumu pankhondo, thumba linauma, ntchito n'kuima. Chakum'mawa khoma linali litakwera ndithu, chakumadzulo likadali m'munsi. Poyambiranso anatenga mwala woderako wa ku Northamptonshire, n'chifukwa chake mzerewo sunayende mowongoka, umatsika mukamapita kumadzulo. Mfumu Richard III inaponyapo ndalama, Mfumu Henry VII inawonjezera zambiri kuyambira 1508, ntchito ya miyala n'kutha mu 1515.

Chogometsa ndi denga. Nyumbayi ndi yaitali mamita 88, mulifupi mamita 12, kuchoka pansi kufika kudenga mamita 24, koma pakati palibe mzati ngakhale umodzi. Mmisiri wamkulu John Wastell ndi anthu ake anamanga denga lamiyalali kuyambira 1512 mpaka 1515, chigawo chimodzichimodzi, zigawo 12. Ankayamba akhoma matabwa ochirikiza, n'kusanja pamwamba pake miyala yosemedwa kale, iliyonse ndi malo ake. Miyalayo imayambira pamfundo imodzi pakhoma, n'kufalikira m'mwamba mpaka kukumana ndi inzake ya khoma linalo. Pakati pamakhala mwala waukulu wolemera pafupifupi tani imodzi. Ukalowa umenewo, miyala yonse imapanikizana yokha, matabwa n'kuchotsedwa.

Denga lotere silipsinja pansi pokha, limakankhiranso makoma kunja. Makomawo ambiri ndi magalasi okhaokha, ndiye katundu yense amasenza ndi zipilala zikuluzikulu zomangidwa kunja, ndipo mipata ya pakati pa zipilalazo anaisandutsa timatchalitchi ting'onoting'ono. Chipilala chikafooka kapena maziko ake akatitimira, makoma amakanyula, denga n'kung'aluka pakati. Mdani wina ndi madzi. Pamwamba pa miyalayo pali denga lachiwiri lamatabwa lokutidwa ndi mtovu, ndipo mtovu ukabooka matabwa amaola mosaonekera kwa opemphera pansi. Cha mu 2023 anasintha mtovuwo, n'kuikapo ndi masola omwe. Ife timati komiti imene imagula kiyibodi malata akudontha iyambe yaganizira zimenezi.

Mazenera akuluakulu alipo 26. Ambiri anapangidwa pakati pa 1515 ndi 1531, amisiri otsogolera ambiri ochokera ku Flanders, dera la ku Belgium masiku ano. Ambiri amaphunzitsa Baibulo motere: m'mwamba nkhani ya Chipangano Chakale, m'munsi inzake ya Chatsopano, monga mana a m'chipululu pamwamba pa Mgonero wa Ambuye. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anawazula n'kukawabisa.

Henry VI analamula kuti pakhale anyamata 16 oimba, ndipo chiwerengerocho chikadalipo. Mwambo wotchuka wa mawu ndi nyimbo za Khirisimasi wa pa 24 December ndi wa dzana: anauyambitsa pakolejipa m'busa Eric Milner-White mu 1918, BBC n'kuyamba kuuulutsa mu 1928. Mawu amawerengedwa kasanu ndi kanayi, kuyambira Genesis 3 kukathera Yohane 1, nyimbo zikulowa pakatipakati. Woyamba kuwerenga ndi mnyamata wa m'kwaya, womaliza ndi mkulu wa koleji. Ndime yoyamba ya nyimbo yotsegulira amaimba mnyamata mmodzi yekha, ndipo amauzidwa kuti ndi iyeyo mwambo utangotsala pang'ono kuyamba, kuti asagone ndi mantha.

Amakwaya a ku Mtunthama kapena ku Santhe ofuna kumvetsera atchere BBC World Service 5 koloko madzulo, nthawi ya kuno. Mudzamva kuti pakati pa mizere amapumira kaye. M'nyumba yamiyala yotalika chonchi mawu amachedwa kuzilala, ndipo akathamanga mzere wachiwiri umagwera pa woyamba, osamvekanso zimene akuimba.