Posankha bolodi ya pa intaneti, yambani mwaona foni ya mnzanu

Magulu ambiri ophunzirira limodzi kuno ku Zomba sakhalanso malo amodzi. Wina ali ku Chikanda, wina akuyeserera uphunzitsi ku Jali, wina ali pantchito ku Lilongwe. Kulankhula kokha WhatsApp imakwanitsa, koma mukafuna kuyala mitu ya kafukufuku, kulumikiza mfundo ndi mivi kapena kugawana zigawo za asayimenti, pamafunika bolodi yoti aliyense alembepo nthawi imodzi. Chomwe taphunzira pogwiritsa ntchito mabolodi otere n'chakuti gulu limayenda pa liwiro la munthu amene ali ndi foni yofooka ndi netiweki yodukaduka. Musankhe poganizira iyeyo, osati mwini laputopu.

Miro ndi yomwe ambiri amayamba nayo, ndipo ili ndi zambiri: timapepala tomata, mafulemu, matebulo okonzedwa kale. Koma yaulere imalola kulemba pa mabolodi 3 okha. Mukapanga yachinayi, yakale imatsala yongoonera. FigJam ya Figma nayo yaulere imathera pa mafayilo 3. Microsoft Whiteboard imakomera amene ali kale ndi akaunti ya sukulu kapena ya kuntchito ndipo amakumana pa Teams. Jamboard muiiwale, Google inaitseka kumapeto kwa 2024.

Ife kwa gulu la anthu 4 mpaka 6 timalimbikitsa Excalidraw. Imatseguka mu Chrome popanda akaunti, sitenga nthawi kutseguka, ndipo mmodzi akayambitsa gawo logwirira limodzi amangotumiza linki pa gulu, ena n'kulowa. Zojambula zake zimaoneka ngati za pamanja, zomwe zimathandiza anthu kusiya kukongoletsa n'kuyamba kuganiza. Vuto lake mulidziwe msanga: ntchito yanu imasungika mu Chrome momwemo, pa chipangizo chanucho. Wina akafufuta zonse za mu Chrome pofuna kupeza malo m'foni, bolodi ya mbali yake imapita. Komanso aliyense amene wapeza linki akhoza kulowa n'kusintha zinthu, choncho musaiponye pa gulu la kalasi yonse.

Musanagwirizane, yesani kwa mphindi 15, pa ola lomwe mumakumanadi, chifukwa netiweki ya 10 koloko mmawa si ya 8 koloko usiku. Wa foni yofookayo atsegule linki pa bandulo yake, osati pa Wi-Fi. Alembe mawu asanu, asunthe kabokosi kamodzi, akulitse bolodi ndi zala ziwiri. Kenako azimitse data kwa mphindi imodzi, ayatsenso, muone ngati zomwe analemba zafika kwa ena. Aonenso m'foni kuti mwapita ma MB angati. Bolodi ikalephera pamenepa, kaya ikhale yotchuka bwanji, si yanu.

Chimene chimadya bandulo kwambiri si bolodi ayi, ndi zomwe timaunjikapo. Chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chikhoza kufika 3 MB. Mukaika zithunzi 20 za manotsi, ndi 60 MB, ndipo aliyense wotsegula akhoza kuzikoka zonse. Chepetsani zithunzizo kaye. Njira yachidule ndi kudzitumizira pa WhatsApp, yomwe imazipanikiza, n'kutenga zotulukazo. China ndi kuonetsa sikirini pa Zoom pomwe aliyense watsegula kale bolodi: mukulipira kawiri chinthu chimodzi, ndipo Zoom yaulere idzakudulani pa mphindi 40. Zimitsani makamera, muimbe foni ya mawu okha, maso akhale pa bolodi.

Nkhani ya zala ndiyo imakhumudwitsa anzathu a pafoni, ndipo ambiri sanena, amangokhala chete mpaka msonkhano kutha. Akafuna kusuntha tsamba, chala chimakoka mutu wonse n'kuupititsa kwina. Wokonza bolodi akhome mitu, mizere ndi matebulo anthu asanalowe (Miro ndi Excalidraw zonse zili ndi kaloko kochitira zimenezi), n'kusiya zotsegula zokhazo zoti anthu alembemo. Agawenso malo: aliyense bokosi lake, dzina pamwamba, mtundu wake wa timapepala. Zilembo zikhale zazikulu ndithu, kapepala kamodzi mfundo imodzi. Bolodiyo isatambalale kwambiri. Pa sikirini yaing'ono, yoyenda chotsika imawerengeka bwino kuposa yofalikira mbali zonse.

Pomaliza msonkhano uliwonse, munthu mmodzi wosankhidwiratu atulutse bolodiyo ngati chithunzi kapena PDF n'kutumiza pa gulu asanatseke laputopu. Izi zimathandiza amene magetsi anamuthimira pakati pa zokambirana kuti asatsalire. Wa Excalidraw asungenso fayilo yake yeniyeni, ija yothera ndi .excalidraw, chifukwa chithunzi mungangochiona koma fayiloyo ndi yomwe mungatsegulenso sabata yamawa n'kupitiriza. Pa dzina la fayilo alembe tsiku ndi mutu wa phunziro.