Thobwa la ku Glasgow

Agogo anga ku Ntcheu ankafulula mowa wa masese popanda sikelo kapena wotchi. Ankangogunditsa khutu pa mbiya n'kunena kuti, "Wapsa." Ndiye mdala wina wakuntchito kuno ku Glasgow atayamba kundisimbira za mowa wofulula wekha m'nyumba, ndinadziguguda pachifuwa kuti zimenezo n'zakumtundu kwathu.

Ndinasankha umene amautcha 80 shilling. Dzinali linachokera pa mtengo wa mgolo wa mowawo m'zaka za m'ma 1800: wopepuka unkapita pa mashiling 60, wapakati 70, wolemererako 80. Ndi mowa wofiirira, womveka chimera, wosawawa kwenikweni chifukwa ma hops, timasamba towawitsa mowa, amangowazamo pang'ono. Ndinagula makilogalamu 4 a chimera cha balere wa Golden Promise, kadzanja ka balere wokazinga woti aupatse mtundu, ndi ma hops a East Kent Goldings. Mdala uja anandibwereka chimpoto, chidebe, ndi kagalasi kotchedwa hydrometer kamene amakayandamitsa m'mowa kuti aone shuga wotsala. Kameneko ndinakaponya m'dirowa ya masipuni. Mdzukulu wa agogo aja n'kumayeza mowa ngati wodwala malungo?

Tsiku lofulula zonse zinayenda bwino, ndipo n'zimene zinandipweteketsa. Chimera ndinachiviika ola lathunthu m'madzi a madigiri 68, kutentha kumene kumasiya shuga wina woti yisiti asathe kudya, mowa n'kukhala wokhathamira. Malita 4 oyamba kutsika ndinawawiritsa paokha mpaka analimba ngati uchi, nyumba yonse fungo la tofi. Nditabwezera mumphika, kuwiritsa ndi kuziziritsa, ndinathira yisiti n'kukaika chidebe m'kachipinda kakumbuyo, poti mayi a Chikondi anakana kugona ndi fungolo.

Munali mu Januwale. Yisiti wa mowa umenewu amafuna madigiri 16 mpaka 18, pamene kachipindako nako kanali firiji. Masiku atatu chidebe chinkabwata, kenako zii. Ndinagwada, khutu pa pulasitiki, n'kulengeza ndekha kuti wapsa. Kumeneko yisiti anali asanamalize ntchito. Anangogona ndi chisanu. Ndinadzaza mabotolo 40, lililonse ndi kasipuni ka shuga, n'kuwabisa pansi m'kabati momwe muli thanki ya madzi otentha.

Sabata yomweyo apongozi anafika kuchokera ku Lilongwe kudzaona khanda. Ndi mayi a Mvano, oti mowa sudutsa pakhomo pawo. Atafunsa za mabotolowo, mkazi wanga anandiponda chala, ine n'kuyankha maso ali pansi kuti, "Ndi thobwa la kuno, amayi." Anagwedeza mutu n'kupachika bulauzi yawo yoyera ya Mvano m'kabati momwemo kuti izimva kutentha. Ndipo poti kuzizira kwa Scotland kunawalowa m'mafupa, hita inkayaka usana ndi usiku. Yisiti anadzuka, n'kupeza chakudya chili tayale, khomo lili chitsekere.

Usiku wa tsiku lachisanu ndi chinayi, cha m'ma 2 koloko, kunamveka phuu! Kenako phuu, phuu! Khanda linalira. Apongozi anayamba pemphero mokweza, kutchula ana awo onse mayina. Ine ndinathamanga ndili ndi kabudula wamkati yekha, chivindikiro cha poto kumaso ngati chishango cha ngoma ya kwathu, chopukutira mbale kudzanja. Pokoka chitseko cha kabati, thovu linanditsikira m'miyendo, lofunda bwino. Botolo lina linaphulika pomwepo, ine n'kudumpha chambuyo mpaka kukagwa chagada pamapazi pa apongozi, munthu amene chikwatirireni ndinali ndisanamuyang'anepo m'maso.

Anandiponyera chitenje osanena kanthu. Kunja neba wapansi anali akugogoda, akuti denga lake likudontha zinthu zonunkhira ngati malo omwera mowa.

Kutacha ndinatsegula otsalawo limodzilimodzi m'bafa, nditavala magolovesi ndi magalasi osambira a Chikondi. Kagalasi kaja ndinakatulutsa m'dirowa: kanaonetsa 1.022, pomwe mdala uja anati ndidikire kafike cha pa 1.012.

Apongozi anatola bulauzi yawo, tsopano yofiirira ngati dothi la katondo. Anainunkhiza, kenaka anaviika chala m'thovu lotsala pa shelefu n'kulawa. Anakhala chete kanthawi, n'kutembenukira kwa mwana wawo, poti ine sakanandilankhula mwachindunji.

"Uwafunse bambo a Chikondi, thobwa lawoli lagona masiku angati? Kwathu likafika apa timaitana anthu olima."