Mmene ndinayendera msewu wa Nakasendo ku Japan

Msewu wa Nakasendo unkalumikiza Kyoto ndi Edo, yomwe lero ndi Tokyo. Ndi wa makilomita oposa 500 ndipo unali ndi midzi yopumirapo 69. M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, munkadutsa amalonda komanso mafumu ndi antchito awo. Ine ndinangosankha chigwa cha Kiso, poti m'malo ena ambiri msewuwu unathiridwa phula ndipo umayendamo ukupewa magalimoto.

Ndinayamba ndi kusungitsa malo ogona. Nyumba za alendo za kumeneko, minshuku, n'zazing'ono ndipo zimadzaza msanga. Chakudya chamadzulo amaphika molawirira, ndiye ulendo wa tsikulo umaukonza moti dzuwa lisakulowere panjira. Ndalama za yen ndinatapiratu m'tauni chifukwa ena salandira khadi.

Kuchokera ku Nagoya ndinakwera sitima mpaka Nakatsugawa, kenako basi ya ku Magome, umodzi mwa midzi yopumirapo ija. Chikwama chachikulu ndinachisiya ku ofesi ya alendo, nditalipira kangachepe, n'kukachipeza masana ku Tsumago, mudzi wopumirapo wotsatira. Ntchitoyi imaima m'nyengo yozizira, choncho funsiranitu.

Pakati pa midzi iwiriyi pali makilomita pafupifupi 8. Ndi bwino kuyambira ku Magome, chifukwa kuli pamtunda: ukangowoloka phiri, kwatsala n'kutsetsereka basi. M'nkhalango mwapachikidwa mabelu oopsezera zimbalangondo. Poyamba ndinkangogogoda pang'ono mwamanyazi, koma anzanga apanjira ankawaliza mwamphamvu, nanenso ndinatengera. Mitengo ikuluikulu imene umaiona inatetezedwa ndi lamulo lankhanza, pakuti kale wodula mtengo woletsedwa ankatha kuphedwa. Utangoyamba kutsika pali nyumba yakale yomwe amapatsa apaulendo tiyi, iwe n'kuponya kandalama m'bokosi.

Tsumago ndiye anandigwira mtima. Anthu ake anagwirizana kuti nyumba zakale asagulitse, asabwereketse, asagwetse. Masana magalimoto saloledwa mumsewu waukulu, ndipo mawaya a magetsi anawabisa.

Kupitirira apo ndinasakaniza miyendo ndi sitima, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinatsika ku Kiso-Fukushima kukaona pomwe panali chipata chofufuzira mfuti zolowa ku Edo ndi akazi otulukako. Kenako ndinakwera phiri la Torii kuchokera ku Yabuhara mpaka Narai. Ulendo umenewu ndi waufupi koma chitunda chake n'chowawa, ndipo sitima zoima ku Narai n'zochepa, ndiye nthawi yake muilembe musananyamuke.