Kutsuka tsitsi popanda shampu: dzira, ufa, viniga ndi msampha wa soda

Madzi paokha sachotsa mafuta. Shampu amatheka chifukwa muli tizinthu tomwe mbali ina timakakamira mafuta, mbali ina timagwirana ndi madzi, ndiye potsukuluza litsiro limatsika limodzi ndi madziwo. Chinthu cha m'khitchini chimene mukufuna kuika m'malo mwake chiyenera kuchita zomwezo, apo ayi chiyamwe mafutawo ngati mmene ufa umachitira, ndipo mphamvu yake ndi yochepa ndithu. Choncho yambani mwadzifunsa zimene mumadzola m'mutu. Vaseline, mafuta olemera ochokera ku petroleum ndi zodzola zokhala ndi silicone sizichoka ndi dzira kapena ufa. Zimangounjikana mpaka tsitsi kumamata m'manja. Tsukani komaliza ndi shampu kuti zichoke, kenako muzidzola mafuta opepuka, pang'ono pokha, cha kunsonga.

Chimene anthu amachitama kwambiri ndi soda wophikira, koma ndi iye amene amawononga tsitsi lambiri. Pa muyeso wa pH, womwe umasonyeza kuchuluka kwa asidi m'chinthu (nambala ikachepa, asidi ndi wambiri), khungu la m'mutu lili pa pafupifupi 5.5, kutanthauza kuti limapendekera ku asidi. Soda wosungunula m'madzi amafika pa 8.3. Manambalawa amaoneka oyandikana, koma sitepe imodzi pa muyeso umenewu ndi kusiyana kwa ka 10, ndiye apa kusiyanako ndi kwa mazana angapo. Tsitsi lililonse lakutidwa ndi timamba tosanjikizana ngati ta nsomba. Soda amatupitsa tsitsi, timambato n'kudzuka. Masabata oyamba tsitsi limaoneka lofewa komanso lochuluka, munthu n'kuyesa wapeza chinsinsi. Pakapita miyezi limayamba kukhakhala, kukolana popesa ndi kuduka, makamaka lopotana kwambiri, lodaya kapena lowongoledwa ndi mankhwala, lomwe timamba take ndi tofooka kale.

Ngati simungachitire mwina, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya soda, ya 5 ml, m'kapu ya 250 ml ya madzi ofunda mpaka timibulu tonse tithe. Thirani pakhungu, tikitani kwa mphindi imodzi, tsukuluzani bwino. Kamodzi pamwezi n'kokwanira. Musasakanize soda ndi viniga m'kapu imodzi: thovu lomwe limatulukalo ndi mpweya chabe, ndipo chotsala ndi madzi a mchere osatsuka kanthu. Onetsetsaninso paketi. Soda wochapira zovala ali ndi pH ya 11, ndipo caustic soda amawotcha khungu ndi kupha maso akalowamo.

Dzira ndiye limatsukadi. Chachikasu chake chili ndi lecithin, yemwe amalumikiza mafuta ndi madzi. Tsitsi lalifupi limafuna chachikasu cha dzira limodzi, lalitali kapena lothithikana awiri. Patulani choyera, boolani kakhungu kokuta chachikasucho n'kukataya chifukwa kamakanirira m'tsitsi n'kusiya fungo, ndipo menyani ndi masupuni aakulu atatu a madzi. Nyowetsani tsitsi, ligaweni magawo anayi mpaka asanu ndi limodzi, pakani m'mizere ya pakhungu, ndipo tikitani ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, kwa mphindi zitatu. Thovu musaliyembekezere, kulibe.

Vuto lili potsukuluza. Dzira limayamba kulimba kutentha kukafika cha m'ma 60°C, ndipo choyera ndicho chimayamba msanga. Madzi otentha amasiya tizidutswa ta dzira lophika m'tsitsi, toti mupese ola lathunthu. Gwiritsani madzi ozizira kapena ongofunda pang'ono. Dzira ndi la kamodzi pa sabata kapena masabata awiri, ndipo amene thupi lawo limadana ndi mazira asayese n'komwe.

Ufa umatsuka poyamwa mafuta. Wa tchana kapena wa rye (mbewu yofanana ndi tirigu), wosefa bwino, ndi umene umayenera. Wa tirigu ayi: uli ndi gluten wambiri, ukanyowa n'kutikitidwa umanyanda, n'kumata m'tsitsi ngati ulimbo. Sakanizani masupuni aakulu awiri kapena atatu ndi madzi ofunda mpaka ukhale wamadzimadzi woti n'kuyenderera pasupuni, dikirani mphindi 10 kuti zibuluma zisungunuke, pakani, ndipo mutsukuluze usanaume. Tsitsi lopotana kwambiri limasunga timibulu ta ufa, kotero finyirani chosakanizacho m'kansalu kopyapyala, mugwiritse madzi okhawo. Konzani wa tsiku lomwelo basi, chifukwa ukagona umasasa.

Viniga satsuka kwenikweni. Ntchito yake ndi yomalizitsa: amagonetsa timamba tija ndi kusungunula zoyera zomata zimene madzi ndi sopo zimasiya m'tsitsi. Viniga wa m'botolo amakhala ndi asidi wa pafupifupi 5 peresenti ndipo pH yake ili pakati pa 2 ndi 3, choncho osamuthira wosasukuluza. Supuni yaikulu imodzi, ya 15 ml, m'madzi okwana 250 ml ndi muyeso wabwino. Wa maapozi kapena woyera, onse amagwira. Tsinzinani, weramutsani mutu chammbuyo, thirani pang'onopang'ono, dikirani mphindi imodzi, tsukuluzani. Fungo limatha tsitsi likauma. Madzi a mandimu amachita zofanana pa theka la muyeso umenewu, koma atsukuluzeni onse, chifukwa akatsalira ndipo mwakhala padzuwa amayezula tsitsi ndipo angathe kuwaula khungu.

Madzi enieniwo amalakwitsa zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ngati ketulo yanu imachita chikhakha choyera m'kati, madzi anu ali ndi calcium ndi magnesium wambiri. Sopo wamtanda, yemwe pH yake ili pa 9 mpaka 10, akakumana ndi madzi oterewa amapanga zoyera zomata ngati phula, zomwe mumaziona m'mano a chipeso zitachita mbuu. Ambiri amayesa tsitsi likuzolowera, n'kupirira miyezi. Kupirira sikuchotsa phulalo. Tsukuluzani ndi viniga nthawi iliyonse, kapena malizani ndi madzi a mvula osefa.

Chatsopano chilichonse chiyeseni kaye kuseri kwa khutu, mudikire maola 24. Yesaninso chimodzi pa nthawi kwa masabata atatu kapena anayi, apo ayi simudziwa chimene chakuyabwitsani.

Pali mitu ina yomwe njirazi siziyenera. Mfundu wamafuta, wachikasu, woyabwa umayenderana ndi kafangasi kotchedwa Malassezia, komwe kamadya mafuta a pakhungu, ndiye kutsuka mofatsa ndi kudzola mafuta ambiri kumangokanenepetsa. Pamenepo pafunika shampu wamankhwala, monga wa ketoconazole. Chipere cha m'mutu, chomwe chimasiya mabwalo othothoka tsitsi makamaka kwa ana, chimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala, chifukwa fangasi wake amalowa m'kati mwa tsitsi momwe zopaka sizifika. Pakhungu pakakhala zilonda, mafinya kapena mikwingwirima ya zikhadabo, viniga, mandimu ndi soda zidikire mpaka papole.