Ntchito ya Mayi Melissa Hortman ku Minnesota

Ndikufuna tikumbukire Mayi Melissa Hortman, wandale wa ku America, chifukwa cha ntchito yawo, osati chabe chifukwa cha chiwembu chomwe chidawapha pamodzi ndi amuna awo pa 14 Juni 2025 kunyumba kwawo ku Brooklyn Park. Mayiwa adalephera zisankho mu 1998 ndi 2002, koma adapambana mu 2004 n'kulowa m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Minnesota ku America, komwe adadzakhala sipikala kuyambira 2019 mpaka kumayambiriro kwa 2025.

Chomwe chimandigwira mtima ndi chaka cha 2023, pamene chipani chawo cha DFL (nthambi ya chipani cha Democratic ku Minnesota), ngakhale chidangoposa otsutsa ndi mipando yochepa, chidakhazikitsa lamulo lakuti ana asukulu azilandira chakudya cha m'mawa ndi chamasana mwaulere, komanso lakuti ogwira ntchito azilipidwa akakhala patchuthi chosamalira khanda kapena wachibale wodwala. Patangotsala masiku ochepa kuti aphedwe, iwo okha m'chipani chawo m'nyumbayo adavomereza bilu yochotsera thandizo la boma la zaumoyo anthu akuluakulu ochokera kumayiko ena omwe alibe zikalata zokhalira m'dzikomo, pofuna kuti bajeti idutse. Chiganizocho sindigwirizana nacho, koma ndimawalemekeza poti adasenza okha mtolowo.