Sabata ya June pagalaja: mapikapu a kachewere ndi eni ake

Mwezi wa June kuno ku Dedza ntchito ya makaniko imayambira pafoni, dzuwa lisanatuluke. Tawuni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri, ndiye kuzizira kwake si kwamasewera. Nthawi yomweyinso chimanga, kabichi ndi kachewere zimakhala zikuchoka m'minda ya ku Bembeke ndi madera ena kupita m'misika, choncho pikapu iliyonse imene ikadali ndi matayala anayi imakhala pamsewu, yamoyo ndi yodwala yomwe.

Lolemba lonse linathera pa magalimoto okana kulira. Oimba foni ambiri anali ndi injini zakale za dizilo, zija za 3L ndi 5L za mu Hilux, zimene kukazizira zimadalira ma glow plug, tizitsulo totenthetsa injini isanalizidwe. Dizilo sayatsidwa ndi pulagi monga petulo, amayaka yekha ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa m'silinda. Chitsulo chikagona pachisanu chimamwa kutenthako, ndiye pamafunika glow plug ifiire kaye kuti dizilo agwire moto. Awiri mwa ma glow plug anayi a injiniyo akapsa, mu October simudziwa n'komwe. Mu June mumangoona utsi woyera, batire n'kutha.

Eni ake zimenezi amazidziwa, koma amazengereza. Amayamba n'kuimika galimoto pamtsetse usiku kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira, kenako amapatsa anyamata apamudzi ganyu yokankha, ndipo nambala yanga amaikumbuka sitata itapsa. Bambo ena a ku Linthipe ndinawapeza atasonkha mbaula pansi pa injini, paipi ya dizilo ikudontha chapambali pomwepo. Mbaulayo ndinaichotsa ndisanawapatse ndi moni womwe.

Ntchito imene inandidyera mutu sabata yonse inafika Lachiwiri, itakokedwa ndi chingwe. Inali Hilux ya injini ya 2KD, ya 2.5, ya mayi ena ochita geni ya kachewere. Woyendetsa ndi mwana wa mchimwene wawo. Iye anati galimotoyo inayamba kufooka pazitunda, nyali ya injini n'kuyaka, kenako inazima osadzukanso. Ndinalumikiza kompyuta yoyezera ndipo inaonetsa kuti mafuta sakufika ndi mphamvu yokwanira. Nditamasula pansi pa fyuluta n'kukhetsera m'botolo loyera, sipanafunikenso kompyuta: dizilo anayandama pamwamba, pansi panakhala madzi a dzimbiri.

"Mayi, mafutawa munathira kuti?"

"Pa filling station, amisiri. Ndalama ndimapereka ndine."

Mnyamata uja anali akuyang'ana nsapato zake. Mayiwo atamutembenukira anangoti, "Iwe, tanena."

"Azakhali, tsiku lija dizilo anatithera tili pamzere. Ndinagula wam'zigubu kuti katundu asaole."

Ine mnyamatayo sindimuweruza kwambiri. Kachewere wokumba kale sadikira tankala ya mafuta. Komanso pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu ukangowoloka tala uli ku Mozambique, ndiye mafuta akasowa pampopi zigubu sizisowa m'mbali mwa msewu. Vuto si dziko limene dizilo wachokera. Vuto ndi chigubucho: dzulo munali madzi, dzana mafuta ophikira, ndipo wogulitsa wina amathiramo parafini kuti achuluke.

Injini yakale ya pampu wamba imameza zoterezi n'kumangotsokomola. Yamakono ya common rail, monga 2KD ya mayi aja, siilola. Pampu yake imapanikiza dizilo kupitirira ma bar 1,000, timabowo ta injector, kachipangizo kopopera dizilo m'silinda, n'tating'ono ngati tsitsi la munthu, ndipo chimene chimafewetsa zitsulo zam'kati mwa pampu ndi injector ndi dizilo yemweyo, osati oyilo. Mukathira parafini, amene alibe kuterera kokwanira, zitsulo zimayamba kudyana. Mukathira madzi, zimachita dzimbiri. Opanga galimoto anaika kale kosefera madzi pansi pa fyuluta ndi nyali yochenjeza pa dashibodi. Nditamufunsa za nyaliyo, mnyamatayo anati inkayakadi, koma ankaganiza kuti ndi waya wangogundana.

Tinatsitsa thanki, kuitsuka, kupemerera mapaipi ndi kuika fyuluta yatsopano. Ma injector sindingawayeze ndi maso, ndiye ndinawakulunga bwino n'kutuma mnyamata wanga pa minibasi ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, kumene kuli makina oyezera. Yankho linabwera madzulo: pampu yapulumuka, koma ma injector awiri atha ntchito. Nditawauza mayiwo mtengo anakhala pansi pa tayala lakutha, osayankhula. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ogulitsa masipeya ambiri akakuuzani mtengo amawonjezera kuti ndi walero lokha.

Apa ndi pamene makaniko amayesedwa mtima. Pali injector yatsopano yeniyeni, pali yochotsa m'galimoto ina imene simudziwa mbiri yake, ndiye pali ina yonyezimira m'katoni yokongola, yotchipa mokayikitsa. Kasitomala amafuna yachitatuyo, ndipo ikafa pakatha miyezi iwiri dzina limene limaipa ndi langa. Ndinawauza mayiwo mosabisa kuti injector yodontha siingowononga mafuta, imatha kuboola pisitoni, ndipo pamenepo nkhani imakhala ya injini yonse. Anaimbira foni anzawo a banki m'khonde, n'kusankha zenizeni. Zitafika Lachinayi panatsala kulowetsa manambala a injector iliyonse mu kompyuta ya galimoto, chifukwa iliyonse imabwera ndi nambala yakeyake youza kompyutayo mmene imathirira mafuta. Anzathu ena sitepe imeneyi amaidumpha, galimoto n'kumanjenjemera, mwini wake n'kumati anamugulitsa zabodza.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa Lachitatu tikudikira za ku Lilongwe ndinaitanidwa ku Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja wochoka pa M1 kutsikira ku Golomoti. Pikapu yodzaza chimanga inataya mabuleki potsika. Mwamwayi dalaivala anaikhotetsera kuchitunda m'malo mwa kuphompho, ndipo panawonongeka bampala ndi nyali basi. Ndikufika, mwini galimoto anali akuponda buleki n'kumandionetsa.

"Taonani amisiri, ikugwira bwinobwino. Ndiye inakana bwanji? Apa pali dzanja la munthu."

"Madala, dzanja lilipodi, koma si la mfiti. Mafuta a mabulekiwa munasintha liti?"

Sanasinthepo chiigulireni. Mafuta a mabuleki amakoka chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 140. Munthu akatsika phiri phazi lili pabuleki, osagwiritsa giya yaing'ono, mawilo amatentha, mafuta aja n'kuwira, m'mapaipi n'kudzaza nthunzi. Ukaponda, phazi limangolowa mpaka pansi. Zikazizira buleki imabwerera ngati palibe chachitika, n'chifukwa chake nkhani za ufiti sizitha pamsewu umenewu.

Koma nditalowa kunsi ndinaona chachiwiri, chimene eni mapikapu ambiri sachidziwa. Pikapu zimenezi anazipanga kuti zinyamule pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50, osawerengera anthu okhala pamwamba pa katundu. Kuno palibe amene amalekera pa 20. Ndiye amapita kwa owotcherera kukawonjezera zitsulo za sipuling'i kuti kumbuyo kusagwade. Chonsecho pafupi ndi difu pali kavalavu kamene kamayeza kulemera kwa katundu poona mmene galimoto yatsikira, n'kumawonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo. Mukalimbitsa masipuling'i galimoto siitsika, kavalavu kaja kamaona ngati mulibe katundu, ndipo ntchito yoimitsa matani awiri imagwera mabuleki akutsogolo okha. Mapadi ake ndinawapeza atapserera, akununkha. Madalawo anavomera kusintha mafuta ndi mapadi. Za kuchotsa zitsulo zowonjezerazo anati tidzakambirana chimanga chikatha, ndipo tonse awiri tikudziwa tanthauzo lake.

Pagalaja pathu pali benchi pamene odikira magalimoto amakhala n'kumaotha dzuwa, ndipo mkangano wake ndi umodzi chaka chonse: pikapu yolimba ndi iti. Lachinayi unafika pokwezerana mawu. Wa Isuzu KB ankati yake ya 4JB1 imalira kamodzi ngakhale kuzizire bwanji, ndipo pamenepo sananame, chifukwa injini imeneyo imathira dizilo mwachindunji m'silinda. Wa Nissan Hardbody ya TD27 ankanyadira kuti yake ilibe lamba wa timing, imayendera magiya. Wa Hilux ankati masipeya ake umawapeza ngakhale pa Kampepuza. Bambo wachikulire wina, poona galimoto ya mayi aja ili chitsegulire, anangoti, "Walira mvula walira matope. Munkafuna yothamanga."

Anandifunsa kuti ndigamule. Ine zonsezi ndazitsegulapo, ndipo ndikaona galimoto yakufa kawirikawiri dzina la pa boneti silindiuza zambiri. Chimene chimandiuza ndi mtundu wa madzi a mu radiator, kuda kwa oyilo ndi kupindika kwa chasisi. Ndaonanso kuti galimoto imene ili ndi mbiri yoti siifa ndi imene imazunzidwa kwambiri, chifukwa mwini wake amaona ngati sevisi ndi ya magalimoto a anthu ena. Komabe munthu amene ntchito yake ndi ya m'misewu yafumbi ya ku Kasumbu kapena Tsangano, kumene mafuta amathira paliponse, ndimamulangiza injini yakale ya pampu wamba. Ndi yaulesi pachitunda, imafuka, koma ikadwala ndimaichiza pansi pa mtengo ndi masipanala. Yatsopanoyi imakoka bwino ndipo imamwa mafuta pang'ono, koma imafuna mwini amene angathe kuimika geni tsiku lonse m'malo mothira dizilo wokayikitsa, ndipo anthu otere ndi ochepa.

Zina za sabatayi zinali zachizolowezi: ma bush otha chifukwa cha mabampu, kilatchi yopserera, ndi wina wofuna kuti timukonzere nyali ndi handibuleki mwachangu popeza COF yake, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yatha. Magetsi anathimanso Lachisanu m'mawa, kuwotcherera konse n'kuima. Mmodzi yekha ndi amene anandisangalatsa, mphunzitsi wopuma ntchito amene anabwera yekha kudzasintha timing belt ya 5L chifukwa yakwana makilomita 100,000. Lamba ameneyu akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavalavu. Ambiri amabwera atamva kale phokosolo. Ndipo pa magalimoto ogula kunja ogwiritsidwa kale ntchito, nambala ya makilomita ya pa dashibodi sindiikhulupirira, ndimatsegula chivundikiro n'kuona lambayo ndi maso.

Galimoto ya mayi aja inatuluka Lachisanu masana. Tinakaiyesa pachitunda itanyamula matumba, inakoka bwino. Analipira theka, lotsalalo ndinalemba m'kope kuti adzapereka akagulitsa ku Lilongwe. Mnyamata wawo ndinamuonetsa kokhetsera madzi pansi pa fyuluta, n'kumuuza akhetse yekha ine ndikuona.

Loweruka kunabwera ina ya 3L ikutulutsa thovu mu radiator. Mwini wake anati imawira kuyambira chaka chatha, ndipo makaniko wina anamuchotsera thermostat kuti izizizira. Mchitidwe umenewu ndi wofala ndipo suchiza kanthu. Thermostat imatseguka yokha injini ikafika madigiri pafupifupi 82, ndipo ukaichotsa kuno kozizira injini imayenda yosatenthera, kumwa mafuta ambiri ndi kutha msanga, pomwe chimene chinkaiwiritsa chikadali pomwepo. Apa chinali radiator yotsekeka ndi dzimbiri, chifukwa ankathira madzi apachitsime opanda mankhwala ake. Titatsegula tinapeza gasiketi yapsa ndipo hedi, chitsulo chovundikira masilinda pamwamba, yang'aluka pakati pa mavalavu.

"Amisiri, palibe kamankhwala koti tithire, ndingopangako ulendo umodzi wa ku Ntcheu? Ena amati dzira laliwisi limatseka."

"Achimwene, dzira limanamiza kabowo ka radiator, osati hedi. Apa pakufunika hedi ina."

Anaimba mafoni angapo, kenako anati pali makaniko wina kumsika amene wamulonjeza kuti aiwotcherera pamtengo wochepa. Tinamulongedzera hedi, mabawuti ndi mapaipi m'katoni, analipira ya kutsegula, ndipo cha m'ma 3 koloko inabwera pikapu ya mnzake kudzaikoka.