Mbendera za ku Charlotte zinandichititsa manyazi

Nditangofika ku America, alamu anga amene amakhala ku Charlotte m'chigawo cha North Carolina anandiuziratu kuti Lamlungu lina lakumapeto kwa Meyi ndisapangane ndi munthu. Anali atagula kale matikiti a Coca-Cola 600, mpikisano wa galimoto wokonzedwa ndi bungwe la NASCAR, umene umachitikira pa bwalo la Charlotte Motor Speedway, m'tauni ya Concord. Ine ndi munthu wa mpira, za galimoto sindinkazitsata. Koma mlendo sakana zimene eni khomo akonza.

Bwaloli linatsegulidwa mu 1960, ndipo kulizungulira kamodzi ndi mtunda wa mailosi imodzi ndi theka. Galimoto zimazungulira maulendo 400 kuti zikwanitse mailosi 600, pafupifupi makilomita 965. Ndiye kuposa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga, koma mukungozungulira pamalo amodzimodzi, kuyamba madzulo dzuwa lilipo mpaka usiku magetsi atayaka.

Tisanakhale pansi, alamu anandipatsa timphira totsekera m'makutu n'kundilozera kansanja kali pamwamba pa mzere woyambira. "Alamu, mukasokonezeka muziyang'ana bambo ali apoyo." Ndinavomera mwaulemu chabe. Bambo uja atagwedeza mbendera yobiriwira, phokoso linandilowa m'chifuwa, mpando uku ukunjenjemera. Kucheza kunathera pomwepo. Zonse tinkalankhulana ndi manja.

Patapita nthawi ndithu ndinaona mbendera ya timabokosi ngati bolodi la drafuti ikugwedezeka, anthu akuwomba m'manja. Ndinati basi zatha, ndinanyamula jekete n'kuimirira. Alamu anandikoka malaya akuseka mpaka misozi. Timabokosito tinali tobiriwira ndi toyera, osati takuda ndi toyera tosonyeza kutha kwa mpikisano. Kuyambira 2017 NASCAR imagawa mpikisano m'zigawo, ndipo uwu uli ndi zigawo zinayi za maulendo 100 chilichonse. Mbendera imeneyi imangotseka chigawo, oyamba khumi n'kupatsidwa mapointi. Kunali kutatsala maulendo 300! Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwathu anandisisita paphewa ngati akutonthoza mwana.

Imene inanditenga mtima ndi yachikasu. Galimoto ina inagunda khoma pakona, utsi n'kuti tolo, nthawi yomweyo mbendera yachikasu inatuluka ndipo magetsi achikasu anayamba kuphethira kuzungulira bwalo lonse. Kunalowa galimoto yotsogolera imene amaitcha pace car, zonse n'kufola kumbuyo kwake pang'onopang'ono, popanda kupitirirana. Ndinakumbuka masamba amene timaika pamsewu kwathu pakakhala maliro: ngakhale wa minibasi wothamangira ndalama amachepetsa liwiro, wanjinga n'kutsika.

Koma yachikasuyi ili ndi nkhanza zake. Munthu wavutika, wawasiya anzake kutali, ndiye wina wachita ngozi uko, mpata wonse uja wapita. Pobwerera ku yobiriwira amafola mizere iwiri, mnzake uja ali pambali pake penipeni. Ndinauza alamu kuti kumeneku n'kubera munthu thukuta lake. Iwo anati popanda zimenezi theka la bwalo likanagona. Kunena zoona, ndinapezeka kuti inenso ndikuidikira yachikasu ina, chifukwa ndi pamene galimoto zimakhamukira kwa amakanika, matayala anayi n'kusinthidwa, mafuta n'kuthiridwa, iwe usanamalize n'komwe kutsegula botolo la chakumwa. Ndipo pa galimoto zimene zatsalira ulendo wathunthu, yoyamba imakhululukidwa, imabwezeredwa ulendo wake. Eni ake amati lucky dog.

Zina alamu anandifotokozera phokoso litatsikako. Yofiira imaimitsa zonse, kaya chifukwa cha mvula kaya ngozi yaikulu. Yakuda imaloza dalaivala mmodzi, kuti apatuke chifukwa waphwanya lamulo kapena galimoto yake ikuika ena pangozi. Akachita makani amamuonetsa yakuda yokhala ndi mtanda woyera, kutanthauza kuti maulendo ake asiya kuwerengedwa, azingowotcha mafuta. Yabuluu ya mzere wachikasu ndinaiona ndekha kangapo: imauza wotsalira kuti atsogoleri akumupumira m'khosi.

Ndinafunsa ngati munthu wothamanga chonchi amaionadi nsalu. Anandilozera padenga, pomwe panaima anthu ndi mawailesi. Dalaivala aliyense ali ndi wake, amati spotter, womuuza m'makutu zonse zochitika. Nsaluyo, mmene ndinaonera ine, ikuthandiza kwambiri ife a m'mipando.

Usiku utakula panatuluka yoyera. Kwa ine mbendera yoyera ndi ya munthu amene wagonja pankhondo, koma kuno imati kwatsala ulendo umodzi. Ikangotuluka, ngakhale pachitike ngozi mpikisano sauyambitsanso. Bwalo lonse linaimirira. Masekondi pafupifupi 30 okha, kenako ya timabokosi ija inabweranso. Ulendo uno sindinafulumire. Ndinaiyang'anitsitsa kaye, ndinaona kuti ndi yakuda ndi yoyera, ndinacheukira alamu, iwo anagwedeza mutu, ndiye ndinatola jekete langa. M'manja monse munali tizidutswa takuda ta matayala.